Anasankha Naomi Wolakwika

Naomi Zulu ankagulitsa tomato, repu ndi anyezi pamsika wa ku Kafue. Zambiri zinkachokera m'dimba lake ku Shimabala, kumene ankakhala ndi mwamuna wake Obed. Sukulu anailekera mu giredi naini, ndipo zimenezo sizinkamuvutitsa mtima.

M'gulu la pa Watsapu lotchedwa Funsani Sayansi analowamo chifukwa cha tomato yemweyo. Chaka china tomato wake anayamba kuda kunsi asanapse, ndipo mayi wina wa kutchalitchi anamutumizira linki nati akafunse kumeneko. Anafunsa. Anamuyankha kuti vuto linali kathiriridwe, lero madzi ochuluka, mawa dothi gwa. Anasintha, ndipo tomato wotsatira anabereka bwino. Kuchokera pamenepo sanalembenso kanthu. Gululo linali ndi anthu oposa mazana asanu ndi limodzi, ndipo ankakambirana za nyenyezi, za magetsi a dzuwa, za majeremusi, kawirikawiri m'Chingerezi chimene iye ankangochidumpha ndi chala.

Lachiwiri lina m'mawa, akuyala tomato pathebulo, foni inayamba kunjenjemera m'chitenje mosalekeza. Atayitulutsa anapeza mauthenga ochokera ku manambala osawadziwa.

"Madamu adimini, chonde chotsani uyu ogulitsa nsapato."

"Ba adimini, funso yanga ya pa Chisanu kulibe wayankha."

"Tayamika dokotala Naomi, Mulungu akutsogolereni."

Poyamba anaganiza kuti anthuwo alakwitsa nambala. Koma atatsegula gulu lija anaona dzina lake lili pamwamba, pambali pake palembedwa kuti adimini. Anabwerera m'mbuyo kufufuza mauthenga mpaka anapeza wa munthu wotchedwa Ackson, amene anayambitsa gululo. Ackson analemba kuti amusamutsira ku Mpika pa ntchito, kuti kumene akupitako netiweki ndi yovuta, ndipo wasiya ba Naomi, amene nonse mumawadziwa, kuti athandizane ndi ba Miriam ndi ba Brian.

Naomi anawerenga katatu. Amene nonse mumawadziwa? Iye m'gulumo anangolankhulamo kamodzi, ndipo zinali za tomato wowola.

Madzulo anamuonetsa Obed. Obed anaigwira foniyo kutali ndi maso, natukula nsidze.

"Aba ni bakawalala," anatero. "Osatumako chilichonse."

"Sibanapemphe kanthu."

"Bazapempha." Anawerenganso, kenaka nkhope inasintha. "Koma mwina ni nchito, iwe. Vintu monga ivi vimakhala va boma, olo va yunivesite. Funsa ofesi ili kuti."

Naomi nayenso ankaganiza choncho kuyambira kale, kuti kuseri kwa gululo kuli nyumba ina yake ku Lusaka, ya makompyuta ndi anthu ovala majasi oyera. Anaimbira Ackson, foni sinalowe. M'mawa mwake anaimbira Miriam. Mawu a mayi wotangwanika anayankha mwaulemu kwambiri, nati ali kuntchito, koma akaweruka masana abwere kunyumba ku Kafue Estates akambirane. Anamulongosolera njira, nawonjeza kuti galimoto akhoza kuimika panja pa geti, palibe amene angaikhudze.

Naomi anafuna kufunsa kuti galimoto yake iti, koma foni inali itadulidwa kale.

Anafika cha m'ma fili koloko, dengu lopanda kanthu lili m'manja. Panyumbapo anapeza mayi wamfupi akuyanika mayunifolomu oyera a unamwino pachingwe. Mayiyo anamuyang'ana, nayang'ana dengu.

"Lelo sitigula, mami. Ndiwo tili nazo."

"Sinigulitsa. Nifuna ba Miriam. Ndine Naomi."

Miriam anaima ndi chopanira zovala pakamwa. Anasuzumira kumsewu ngati kuti Naomi wina akubwera m'mbuyo.

"Ba Naomi ba ku koleji?"

"Ba pa maliketi."

Anakhala pakhonde, aliyense foni yake m'manja, nayamba kufananitsa manambala. Zinawatengera kanthawi kuti aimvetse nkhaniyo. M'gulumo munali a Naomi awiri. Wina anali Naomi Zimba, mphunzitsi wa kemisitiri pa koleji ina ku Lusaka, amene ankayankha mafunso ovuta pafupifupi sabata iliyonse. Mayina awiriwo anali ogundana pamndandanda. Ackson, ali pakati pomanga katundu, anadina lolakwika.

Miriam anaseka mpaka kupukuta misozi. Naomi mtima unakhala pansi pang'ono, komabe panali chimene ankafuna kudziwa.

"Manje ofesi yanu ili kuti? Nifuna bakanichotse bwino bwino m'mabuku."

"Ofesi?" Miriam analowa m'nyumba, natuluka ndi kope la ana a sukulu lopindika m'makona. "Iyi ndiye ofesi."

M'kopemo munali mizere yojambula ndi lula, masiku a sabata, ndi mayina atatu, la Ackson, la Miriam ndi la Brian. Miriam anafotokoza kuti Ackson anali wosamalira labu pa sukulu ina ya sekondale, ndipo anayambitsa gululo kuti ana a giredi thwelofu azifunsa zimene sanamve m'kalasi. Anawo anaitana azikulu awo, azikulu awo anaitana anzawo, mpaka munalowa alimi, amakaniko, aphunzitsi, ndi ophunzira ena amene ali kunja kwa dziko. Aliyense wa atatuwo anali ndi masiku ake oyang'anira. Pa tsiku lako umachotsa otsatsa malonda, umaletsa otukwanana, ndipo funso likakhala lopanda yankho umasaka munthu amene angalidziwe, n'kumugogodera kumbali.

"Nanga amene amakulipilani ni ndani?"

"Kulibe."

"Mabando ya intaneti?"

"Aliyense agula yake."

"Nanga mwine wake wa gulu ni ndani?"

Miriam anaganiza. "Siniziba. Tinali kukamba kuti ni ba Ackson, koma ba Ackson bayenda, gulu ikali."

Naomi sanamvetse. Iye ankadziwa kuti chinthu chopanda mwini chimafa, ngakhale chimbudzi cha pamsika chili ndi wochiyang'anira. Koma sanafune kutsutsana ndi namwino m'nyumba mwake.

Miriam anaimbira Naomi Zimba pomwepo, foni ili pa sipika. Mayiyo anadabwa kwambiri. Anati Ackson anamufunsadi, koma iye anangoyankha kuti aganizira. Panopa ali ndi mapepala a mayeso odzaza thebulo, mafunso apitiriza kuyankha akapeza mpata, koma zoyang'anira anthu mazana asanu ndi limodzi, ayi ndithu, amukhululukire.

Foni itadulidwa, Miriam anayang'ana kope lija. Kenaka anayang'ana Naomi m'njira imene Naomi sanaikonde.

"Ine mu wodi sibalola foni. Ba Brian bagwila mu sitolo ya mankhwala, naonso masana sibakwanisa. Imwe foni ili pafupi tsiku lonse. Gwililani chabe wiki imozi."

"Ine siniziba sayansi."

"Simuzayankha kanthu. Muzachosa chabe ba nsapato."

Anamuonetsa malamulo a gulu, amene anali anayi. Osagulitsa kanthu. Osatukwana. Ukanena chinthu, unene kumene wachitenga. Osauza wodwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Naomi anatuluka pageti asakudziwa kuti wavomera nthawi yanji.

Lachinayi m'mawa munthu wina anaika zithunzi khumi ndi ziwiri za mawigi. Naomi anapukuta manja pachitenje nayamba kufufuza pochotsera. Anadina apa, anadina apo, panatuluka mawu a Chingerezi, iye anavomera. Zithunzi zinachoka. Ndipo gulu lonse linangoti zii.

Ola linatha popanda uthenga. Maola atatu. Naomi anasangalala, nati kodi ntchito yake ndi yomweyi? Anagulitsa repu wake mwamtendere mpaka dzuwa kupendeka. Cha m'ma folo foni inalira. Anali mwamuna wolankhula mofulumira.

"Ndine Brian. Ba Naomi, mwakhoma gulu."

"Nakhoma bwanji?"

"Mwaika kuti ba adimini beka ndiye balembe. Kuchoka m'mawa kulibe angakambe. Bantu banitumila mameseji fifite. Benangu bakamba ati boma yativalila. Winangu wayambisa kale gulu ina, ati Funsani Sayansi Namba Thu."

Naomi anakumbukira mawu a Chingerezi aja amene anavomera. Anapepesa, nafunsa ngati pali chimene chawonongeka. Brian anati watsegula kale, koma chonde asamadine chinthu chimene sakuchidziwa. Naomi anafuna kunena kuti ngati ndi choncho ndiye kuti asadine chilichonse, koma anangoti zikomo.

Lachisanu ndiye kunabwera nkhani yaikulu. Cha m'ma teni, bambo wina anaika uthenga wautali wonena kuti matenda a shuga amatha ndi madzi a masamba ena owiritsa pamodzi ndi mandimu, ndipo womwa madziwo asiye mapiritsi chifukwa mapiritsi ndiwo amawononga impso. Naomi anayang'ana dzina la wolembayo. Anali ba Titus, mkulu wa mpingo wa kutchalitchi kwawo, amene anabwera kudzapemphera kuchipatala mwana wa Naomi atadwala chibayo. Sankadziwa n'komwe kuti nawonso ali m'gulumo.

Lamulo lachinayi ankalikumbukira bwino. Koma kuchotsa mawu a ba Titus, iye Naomi? Ndiponso sankadziwa ngati zimene analembazo zinali zabodza. Apongozi ake aakazi anali ndi shuga, ndipo nawonso ankadandaula kuti mapiritsi akuwafoola. Anaimbira Miriam, foni inali yozima. Brian sanayankhe.

Pomaliza analemba mwaulemu, kutsatira lamulo lachitatu. "Ba Titus, pepani, mwavitenga kuti ivi?"

Ba Titus anatumiza vidiyo ya mzungu wina wovala jasi loyera. Pomwepo mnyamata wina wotchedwa Lemmy, amene ankaphunzira udokotala kunja, anawagwera ndi Chingerezi chachitali, mawu ena otalika ngati njanji. Ba Titus anabweza ndi mavesi. Ena analowerera, awa mbali iyi, awa mbali iyo. Mauthenga ankatsika ngati mvula, ndipo pakati pake anthu ankaitana: dokotala Naomi, gamulani. Dokotala Naomi, muli kuti?

Mayi wina anaima pathebulo kufuna anyezi, Naomi anamupatsa tomato. Mayiyo atadandaula, Naomi anapepesa, nakhala pansi pa kreti. Anayesa kuwerenganso zimene Lemmy analemba, koma sanatolepo kanthu. Kulemba kunamukanika. Anadina kabatani kojambulira mawu nalankhula, phokoso la msika likumveka kumbuyo.

"Abale, ndine Naomi wamene mukuitana. Ine sindine dokotala. Nigulitsa tomato pa maliketi pano pa Kafue. Ba Ackson banalakwisa zina, banali kufuna ba Naomi benangu. Vamene mukamba apa sininamveko olo chimozi. Apongozi banga bali na shuga, manje nifuna kuziba, basiye mapilisi olo basasiye? Munthu amene aziba atiuzeko mu Chinyanja, pang'ono pang'ono."

Atatumiza anazindikira chimene wachita, nafuna kuufafaniza, koma anaopa kudinanso polakwika. Anaika foni pansi pa thumba la anyezi.

Ataitenganso patapita theka la ola, anapeza uthenga wa mawu wochokera kwa Naomi Zimba. Mphunzitsiyo analankhula Chinyanja chosakaniza, modekha. Anati iye si dokotala wa anthu, koma chimene akudziwa n'chakuti shuga akachuluka m'magazi nthawi yaitali ndiye amene amawononga impso ndi maso, ndipo mapiritsi amathandiza kuti asachuluke. Munthu akasiya mapiritsi akhoza kumva bwino masiku angapo pamene m'kati zinthu zikuonongeka. Ngati mapiritsi akumufoola, abwerere kuchipatala akanene, akhoza kumusinthira. Anamaliza ndi kunena kuti jasi loyera aliyense akhoza kugula.

Pansi pake panali mauthenga ambiri aafupi. "Naine sininamve va ba Lemmy." "Zikomo mami pofunsa." "Nakhala muno zaka ziwili, nimaopa kufunsa." Koma panalinso ena. Wina analemba kuti gulu latsika ngati ogulitsa tomato ayamba kulamulira. Wina anafunsa ngati mawa adimini adzakhale kondakitala wa minibasi. Anthu asanu ndi awiri anatuluka motsatizana. Miriam atatuluka mu wodi anachotsa uthenga wa ba Titus, nalemba chifukwa chake m'mizere iwiri. Ba Titus nawonso anatuluka.

Naomi sanadziwe ngati wakonza kapena waononga.

Loweruka masana Miriam ndi Brian anabwera pamsika. Aka kanali koyamba kuti Naomi amuone Brian, mnyamata wamtali wa magalasi, wosakhazikika. Anakhala pa makreti kuseri kwa thebulo, Miriam atatsegula kope pamiyendo. Anayesa kuimbira Ackson, ndipo ulendo uno foni inalowa. Ackson anayamba kupepesa, nati zala zake n'zazikulu, koma asanamalize mawu anayamba kuduka, kenaka anasowa.

Brian ananena maganizo ake mosabisa. Anati alibe chifukwa ndi ba Naomi, koma gulu la sayansi liyenera kuyang'aniridwa ndi anthu amene angasiyanitse zoona ndi zabodza, apo ayi aphunzitsi ndi madokotala atopa n'kuchoka, ndipo iwowo akachoka gulu latha. Miriam anati aphunzitsiwo akhala akuyankhana okhaokha zaka zitatu, anthu mazana asanu ali duu, ndipo dzulo ndi tsiku loyamba limene anthuwo anatsegula pakamwa. Brian anati anthu asanu ndi atatu atuluka. Miriam anati khumi ndi mmodzi alowa, ena mwa iwo ochokera ku Namba Thu ija.

"Ine nifuna kuchoka," anatero Naomi.

"Ngati ba Lemmy bangavomele," anapitiriza Brian, osamumva, "koma kwamene bali nthawi isiyana na yathu."

"Ba Lemmy bakalipila bantu," anatero Miriam.

"Nati ine nifuna kuchoka."

Onse awiri anamuyang'ana. Miriam anafunsa kuti ndiye masiku a Ackson atenge ndani, poti iye mwezi wamawa akuyamba mashifiti ena. Brian anavula magalasi, nawapukuta, nati iye sangawonjezere tsiku ngakhale limodzi, abwana ake amuchenjeza kale za foni. Kenaka Brian yemweyo anati mwina ba Naomi agwirizire kaye Lachiwiri ndi Lachisanu mpaka apeze munthu, koma nkhani ya mankhwala ikabuka azichotsa msanga osadikira, ndipo iye awalembera papepala mabatani oyenera kudina ndi osayenera. Miriam anafafaniza dzina la Ackson, nalemba Naomi Z. Ataliyang'ana anawonjezera kuti wa tomato.

"Mpaka liti?" anafunsa Naomi.

"Mpaka tipeze munthu."

"Imwe munayamba bwanji?"

Miriam anatseka kope. "Ba Ackson bananiuza ati nigwilile wiki imozi."

Lamulungu kutchalitchi ba Titus anamupatsa moni ndi nsonga za zala. Mapemphero atatha anamuitanira pambali, nati iwo anangofuna kuthandiza odwala, ndipo sankayembekezera kuti mwana wa mumpingo angawafunse umboni pamaso pa anthu. Naomi anagwada pang'ono, napepesa, ngakhale sankadziwa bwino chimene akupepesera. Ba Titus anagwedeza mutu nayamba kuchoka, kenaka anabwerera. Anafunsa motsitsa mawu ngati mphunzitsi uja ananenadi kuti mapiritsi akhoza kusinthidwa, chifukwa akazi awo akhala osamwa milungu itatu. Naomi anawatumizira uthenga wa mawu uja pomwepo. Iwo anaika foni m'thumba la jekete, nachoka.

Lachiwiri lotsatira linali tsiku lake. Anafika pamsika ndi pepala la Brian atalipinda m'chikwama. Anachotsa wina wotsatsa mapuloti, mosamala, akuwerenga pepalalo mzere ndi mzere, ndipo gulu silinakhomeke. Chapakati pa m'mawa kunabwera uthenga wa mawu kuchokera ku nambala yatsopano. Anali mawu a bambo wachikulire, kumbuyo kukumveka mphepo ndi madzi. Naomi anamvetsera kawiri, koma anangotolapo mawu amodzi kapena awiri. Bamboyo ankalankhula Chitonga.

Anadikira kuti wina ayankhe. Ola linadutsa. Lemmy anaika chizindikiro chofunsa. Wina analemba kuti chonde tizilemba m'Chingerezi. Pepala la Brian silinanene kanthu za Chitonga.

Naomi anapempha mnzake wa thebulo loyandikana kuti amuyang'anireko katundu, nawoloka kupita kumbali ya nsomba. Kumeneko kunali ba Mutinta, mayi wonenepa wa ku Mazabuka amene ankagulitsa nsomba zouma. Naomi anawaika foni kukhutu. Ba Mutinta anamvetsera atatseka diso limodzi.

"Ni msodzi uyu," anatero. "Akamba ati pamene amaponya ukonde pamela mauzu yambili pamwamba pa madzi. Manje m'mawa-mawa nsomba zibwela pamwamba, zitsegula pakamwa monga zifuna mphepo, zinangu zafa. Dzuwa ikakwela zibwelela pansi. Afunsa ati ni matenda olo ni chani, na kuti bantu bangadye olo iyai."

"Kambani futi, nijambule."

"Ine? Ku bantu bangati?"

"Sikisi handiredi na chakuti."

Ba Mutinta anakonza duku, ngakhale kuti palibe amene akanawaona. Anatsokomola, nafotokoza zonse m'Chinyanja, momveka bwino kuposa poyamba. Naomi atafuna kuchotsa chala pabatani, iwo anamugwira dzanja.

"Na ine nili na funso yanga," anatero, atayandikira foni. "Nsomba zanga zouma zimachita tuzilombo mu mwezi wa mvula, olo niziyanike bwanji. Amene aziba aniuzeko."

Naomi anatumiza. Ba Mutinta anafunsa kuti yankho libwera nthawi yanji, ndipo amene ayankhe ndi ndani. Naomi anati sakudziwa, mwina mphunzitsi wa ku Lusaka, mwina wina amene sanamumvepo. Ba Mutinta anamuuza kuti akhale pomwepo adikire limodzi, namukankhira chitini chopanda kanthu kuti akhalepo.